Mwala Wofiira wa Padooko

Kwathu kuno mwamuna safika kumtsinje ngati mbuzi. Akayandikira pamene amayi amasamba, amaima kuseri kwa bango n'kuitana kuti, "Kumadzi!" Kukakhala zii, amadutsa. Kukamveka mawu oti "Kuli anthu," amabwerera kapena kukhala pansi n'kumadikira, ngakhale mvula ikumukwapula. Mwambo umenewu Arcanjo adayamwira, ndipo ndi womwewo udamuika m'mavuto.

Arcanjo adali mkamwini. Kwawo kudali ku Fonte Boa, koma adakwatira Estele m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Nsendedzi, kufupi ndi msewu wa ku Kalomwe, ndipo adakhala kumeneko zaka khumi ndi ziwiri. Zaka zonsezo sadawayang'anepo m'maso apongozi ake, aNambewe. Akakumana m'njira, mmodzi ankapatukira patchire. Chofuna kuuzana chinkadzera mwa Estele, ngakhale onse atatu atakhala pabwalo limodzi. Amakono amaseka zimenezi, ena mpaka kupisa m'mbale imodzi ndi apongozi, koma Arcanjo adali wachikale. ANambewe, mayi wa pakamwa polasa amene m'mudzimo mudalibe munthu yemwe sadamukalipirepo, mkamwini wawoyu ankamukonda chifukwa cha ulemu womwewo.

Ntchito ya boma idamupeza chifukwa cha dzanja lake. Ankalemba bwino, moti kumpingo ndiye ankasunga kaderno, buku la maina. Pamene a zamadzi adafuna munthu woti azitunga madzi a mumtsinje kuti akayesedwe, anthu adaloza iye. Amene adabwera kudzamuonetsa ntchito adali Dona Elsa, tekinika, katswiri wa zamadzi wochokera ku Tete, mayi wamfupi wa chipewa chachikulu, wolankhula Chinyanja chonunkhira Chinyungwe. Adafika dzuwa lili paliwombo. Adatsika naye m'mbali mwa mtsinje, maso ali pa kachipangizo kolozera malo, mpaka adaima pamwala waukulu wosalala. Adatulutsa tinta yofiira n'kupaka pamwalapo.

"Madzi muzitunga apa, Sinyoro Arcanjo, osati pena," adatero. "Apa makwawa onse akhala atalowa kale mumtsinje, ndipo madimba ayambira pomwepa. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, seti ora, ndiye kuti seveni koloko mmawa, magarafa atatu, mabotolo awa. Galimoto yathu izikupezani pamlatho pakangotha ola limodzi, kuti madzi akafike ku laboratoriyu akadali ozizira. Tikufuna tizidziwa ngati muli mchere kapena zoipa zina. Ndipo garafa lisagwidwe ndi wina koma inu. Mwamva?"

"Ndamva, Dona."

Kumva adamvadi. Chimene sadanene n'chakuti mwalawo udali wochapirapo, pakati penipeni pa dooko la amayi. Masana sipakhala munthu, n'chifukwa chake Dona Elsa adapeza mphepo yokha. Koma mmawa, kalanga ine, pamakhala mudzi wonse wa akazi, nsalu zili yandayanda pabango. Arcanjo adatsegula pakamwa kuti anene, n'kutsekanso. Mlendo wa boma wavutika ulendo wonse wochokera ku Tete, tinta wapaka kale, iwe n'kumuuza kuti walakwitsa? Adangoti zikaoneka komweko.

Lachiwiri loyamba, mwezi wa Dezembro, adanyamula kabokosi ka magarafa, adaima kuseri kwa bango n'kuitana. Mawu amene adamuyankha adawazindikira asanathe n'komwe.

"Kuli anthu."

Adali aNambewe. Arcanjo adabwerera chambuyo ngati waponda khala la moto. Adakhala pachulu n'kumadikira, koma padooko amayi safulumira. Wina akamachoka, awiri akufika. Dzuwa lidakwera. Atamva galimoto ikulira kumsewu, adathamanga chokwera mtsinje mpaka pamlatho, mapazi ngati mazana atatu, n'kumiza magarafa ake pamenepo. M'kaderno adalemba monga adamuuzira: Pamwala wofiira. Adadziuza kuti mtsinje ndi umodzi, madzi a pamlatho ndi omwewo amakafika pamwala pakapita kamphindi. Mwezi wotsatira adaitananso, yankho lomwelo. Mwezi wachitatu adaitana mongochotsa mangawa, phazi limodzi litaloza kale kumlatho.

Koma pakati pa mlatho ndi mwala pamalowa kakhwawa ka Kanjedza, kochokera kumsewu waukulu, kamene munthu amangolumpha osavula nsapato. Mvula italeka, mkulu wina wa kutauni adatsegula lavaji kumutu kwa kakhwawako. Adali malo otsukira makamiyau, malole aakulu obwerera ku Malawi atatsitsa katundu, ndipo ambiri mwa iwo ankanyamula mchere ndi adubu, feteleza wa m'minda. Lavajiyo Arcanjo ankaiona popita kumsika. Zoti ili ndi chibale ndi magarafa ake sizidamufikire m'mutu.

Itakwana nyengo ya madimba, aNambewe adatsegula mtsuko wawo wa mbewu. Mudali nyemba za nanyati zosungidwa m'phulusa, mbewu imene adailandira kwa amayi awo pokwatiwa ndipo sadaitayepo chaka ndi chimodzi chomwe. Za m'sitolo ankati n'zopanda fungo, zoyenera aulesi. Adadzala theka, theka n'kutsekera. Nyembazo zidamera mosiririka, koma zitangoyamba kuyanga, masamba adayamba kupsa m'mphepete. Pamizere padatuluka zoyera mbee, zonga ufa wotayika. Sidali dimba lawo lokha. Kuyambira pamwala kutsika, tomato, kabichi ndi mbatata zonse zidakwinyika. Amayi adaonanso kuti padooko sabau, sopo wawo wochapira, sakuchita thovu.

Adapita kwa mlangizi wa zaulimi kukadandaula, mlangizi adalemba kalata, kalata idapita ku Tete. Yankho lidabwera ndi chidindo chake: madzi a Nsendedzi akhala akuyesedwa mwezi ndi mwezi ndipo alibe vuto lililonse, mwina alimi achulukitsa adubu. Pepalalo lidatchulanso dzina la wotunga madzi. Amayi ena adayamba kung'ung'udza kuti ndani akudziwa zimene munthuyo amathira m'magarafamo.

Madzulo a tsiku limenelo Arcanjo adali pabwalo akusema mpini. ANambewe adafika, adakhala pamphasa atamufulatira monga mwa nthawi zonse, n'kulankhula ndi mwana wawo.

"Estele, uwauze amuna ako asamvere za anthu. Ndawakalipira onse padooko. Ndawauza kuti akamwini anga sanama. Ngati garafa lawo lati madzi ali bwino, ndiye kuti ali bwino. Cholakwa ndi dzanja langali, ndakalamba, ndachulukitsa adubu. Lachitatu la sabata yamawa ndidzala mbewu yotsalayo, popanda adubu n'pang'ono pomwe."

Arcanjo adaika kasemasema pansi. Akadamutukwana zikadakhala bwino. Kumukhulupirira kumeneku kudamupweteka mpaka m'mafupa, chifukwa mumtsukomo ndi momwe mudatsala nanyati yense wa banjalo, ndipo aNambewe amati akamutaye m'dothi chifukwa cha mawu a m'kaderno yake.

Mawa lake masana adapita kumtsinje. Pamlatho adatapa madzi ndi manja n'kumwa: ozizira, okoma, madzi a kumapiri. Adatsika, adaitana kuseri kwa bango, kudali zii. Kwa nthawi yoyamba chichokereni Dona Elsa adaponda pamwala wofiira. Adatapanso n'kulawa. Kamchere kadamveka kumapeto kwa lilime, pang'ono chabe, ngati msuzi umene wophika adaumira dzanja. Adalavula, adalawanso, kadali komweko. Adabwerera n'kulowa m'kakhwawa ka Kanjedza, akutsata mzere woyera umene udauma m'mbali mwake, mpaka adatulukira kuseri kwa mpanda wa lavaji. Amuna awiri adali pamwamba pa kamiyau akukolopa, madzi otuwa akutsika m'ngalande molunjika m'khwawamo. Adaima pamenepo nthawi yaitali, manja ali m'chuuno. Palibe amene adamufunsa kanthu.

Kunyumba adapeza Estele akusankha mbatata pakhonde. Adakhala pambali pake n'kumuuza zonse, kuyambira Lachiwiri loyamba lija. Estele adamvetsera manja akugwirabe ntchito, kenako adaleka.

"Miyezi ingati, bambo a Nércia?"

"Isanu ndi inayi. Uno ukubwerawu wa khumi."

"Nanga osandituma ine bwanji? Ine si mkazi? Padooko ndimapita tsiku ndi tsiku."

"Adati garafa lisagwidwe ndi wina."

"Ohoo. Ndiye lamulo la garafa mudalisunga, la mwala n'kulitaya?"

Arcanjo adakanda m'mutu. Adafunsa ngati sikungatheke kuti Estele angowauza amayi ake kuti asadzale, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Kuwauza ndikhoza," adatero Estele. "Adzandifunsa chifukwa, ndidzati chiyani? Ndipo ngakhale asadzale chaka chino, makamiyau aleka kutsukidwa? Boma silimva pakamwa pa amayi a padooko, mwaona nokha. Limamva pepala. Pepala limene latimanga ndi lanu, wolimasula ndinu nomwe."

"Ntchito indithera. Ndi manyazi ake, mudzi wa eni uno."

"Manyazi sapha munthu," adatero Estele, n'kubwerera ku mbatata zake. Patapita kanthawi adaonjezera motsitsa mawu, "Ndakwiya nanu, koma ndikudziwa kuti simudachite mwankhanza."

Uthenga udali utabwera kale kuti chifukwa cha madandaulo aja, Lachiwiri loyamba la Setembro Dona Elsa adzabwera yekha ndi galimoto. Masiku otsalawo Arcanjo ankadya mongokakamiza. Nthawi zina maganizo ankamunyenga kuti alawire kunja kusanayere, akatunge pamwala amayi asanafike, apereke magarafa mwakachetechete. Manumero adzasintha okha, ndipo palibe adzadziwe. Koma zotsatira za ku laboratoriyu zimatenga masabata, pamene mbewu ikulowa m'dothi Lachitatu. Ndiponso ku Tete akadzaona garafa limodzi lamchere pambuyo pa miyezi isanu ndi inayi ya madzi abwino, adzangoti garafalo silidatsukidwe.

Lachiwiri mmawa adaima pamlatho ndi kabokosi kake. Galimoto idafika, Dona Elsa adatsika mofulumira, akuti ali ndi mitsinje ina iwiri yoti aione tsikulo.

"Bon diya, Sinyoro Arcanjo. Ndipatseni magarafa, kenako mundiperekeze kumadimba ndikaone adubu amene anthu anu akuthira."

Arcanjo adatsegula kabokosi. Magarafa onse atatu adali ouma.

"Simunatunge?"

"Ndimafuna muone kaye pamene ndimatunga, Dona." Adaloza pansi pa mlatho, pomwe padali kanjira kopondeka ndi mapazi ake. "Ndi apa. Kuyambira Dezembro. Pamwala wanu sindidatungepo ndi kamodzi komwe."

Dona Elsa adavula chipewa. Sadakweze mawu, ndipo zimenezo zidamuopsa Arcanjo koposa. Adangofunsa chifukwa.

"Tiyeni, mukamve nokha."

Asananyamuke, Dona Elsa adatulutsa kachipangizo konga cholembera chonenepa, kamene kakamizidwa m'madzi kamaonetsa manumero a mchere. Pamlatho kadaonetsa mazana awiri. Adalemba. Adatsika onse awiri, adalumpha kakhwawa ka Kanjedza, ndipo atafika pabango Arcanjo adaima.

"Kumadzi!"

"Kuli anthu," adayankha mawu aja.

"Amenewo ndi apongozi anga," adatero Arcanjo monong'ona. "Mwala wanu ndi pochapira pawo. Ine apa ndiye malire anga."

Dona Elsa adamuyang'ana, adayang'ana bango, kenako adapatula bangolo n'kulowa yekha. Arcanjo adakhala pachulu chake chija. Adamva amayi akumupatsa moni mlendo, kuchapa kukuleka mmodzimmodzi. Kenako Dona Elsa adawerenga mokweza kuti nayenso amve.

"Zikwi zitatu ndi mazana awiri. Amayi, madzi awa nyemba sizingapirire. Si adubu wanu ayi. Musadzalenso kanthu kuno mpaka tikuuzeni."

Mayi wina adafunsa kuti nanga mapepala aja ankanena madzi ati. Dona Elsa adafotokoza mwachidule, osakometsera, osaonjezera. Arcanjo adazyolika. Ankadikira mawu amodzi okha, ndipo atabwera adali otsika kuposa masiku onse.

"Estele ali pano? Iwe, kawauze amuna ako kuti ulemu wawo wandidyera nyemba." Adali aNambewe. "Uwafunse ngati ankayesa ine ndine ng'ona. Mwezi ndi mwezi ndikuyankha kuti kuli anthu, ine n'kumati amabweranso tikachoka. Osadziwa kuti ndikuthamangitsa boma ndi pakamwa pangapa. Ndawatukwanira anzanga chifukwa cha iwo."

Palibe amene adaseka. Dona Elsa adadzaza yekha magarafa atatu, n'kutuluka m'bangomo nsapato zitanyowa. Arcanjo adamutsogolera m'kakhwawa mpaka kuseri kwa lavaji, kumene kachipangizo kadaonetsa manumero amene Dona Elsa adachita kuwerenga kawiri. Kenako adabwerera kugalimoto pamlatho.

"Ndikalemba zonse, Sinyoro Arcanjo," adatero Dona Elsa. "Ndikalemba kuti mudalemba zonama m'kaderno ya boma miyezi isanu ndi inayi. Ndikalembanso kuti ine ndidafunsa kachipangizo malo otungira, osafunsa anthu. Komanso kuti mwaulula nokha. Za ntchito yanu akagamula ndi akuluakulu. Koma mwala sungasunthe, nthawinso singasinthe, apo ayi manumero a mwezi uno sangafanizidwe ndi a mwezi wamawa."

"Ndamva, Dona." Ulendo uno adaonjezera, "Koma sindikudziwa kuti ndidzafikapo bwanji."

Patatha masabata awiri, a zamadzi adabwera ndi mapepala n'kutseka ngalande ya lavaji. Mwini wake adalamulidwa kukumba maenje a simenti asanatsukenso kamiyau ina. Madimba a kumunsi adauzidwa kuti agone mpaka mvula itsuke dothi, mwina mvula ya chaka chimodzi, mwina ziwiri. Chaka chimenecho m'mudzimo ndiwo za kudimba zidali zogula, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. Mtsuko wa nanyati udakhala chitsekere.

ANambewe sadatumenso mawu aliwonse. Ankabwera pabwalo, n'kucheza ndi Estele za ana ndi za nkhuku, koma mawu oti "uwauze amuna ako" adasowa. Arcanjo sankadziwa kuti angawasowe mawu amenewo chotero. Kalata yake nayo idafika: apitirize ntchito mongomuyesa mpaka kutha kwa chaka, ndipo madzi azichokera pamwala wofiira basi. Estele adafuna kuti akamupemphere mpata padooko kwa amayi ake, koma Arcanjo adakana. Adati wabisala kumbuyo kwa anthu mokwanira.

Lachiwiri loyamba la Outubro kudacha kotentha, mitengo ya m'phiri itaphuka masamba ofiira. Arcanjo adanyamula kabokosi n'kutsika. Kumlatho sadayang'aneko. Atafika pabango adaima, osadziwa chimene adzachite akayankhidwa monga kale.

"Kumadzi."

Kudali zii. Sikudamveke kuchapa, kapena kuseka, kapena kulira kwa ndowa. Adadikira. Adati aitanenso, mawu adatuluka kutsidya kwa bango.

"Fikani, akamwini."

Zaka khumi ndi ziwiri, mawu a aNambewe adali asanabwerepo kwa iye osadzera mwa munthu, kupatula aja omubweza. Adapatula bango n'kulowa, maso ali pansi. Amayi onse adali atakwera kumtunda, atavala, zochapa zili m'madengu, akudikira. Pafupi ndi mwala padatsala aNambewe okha, atakhala pa ndowa yovundikira, nkhope italoza kubango la kutsidya. Sadatembenuke.

"Lachiwiri lanu tizikupatsani mpata," adatero, akulankhula ndi bangolo. "Koma musachedwe, tili ndi zochapa. Mudzaze mpaka pakamwa, boma lilawe zomwe zidalawa nyemba zanga."

"Zikomo, amayi," adatero Arcanjo, nayenso akuuza madzi.

Adapinda buluku, adagwada pamwala, adatsukuluza garafa loyamba katatu monga adaphunzitsidwira, n'kulimiza. Chitsekero chidamupulumuka, n'kuchigwira chisanapite ndi madzi. Kumtunda mayi wina adatsokomola pobisa kuseka. Atadzaza onse atatu adatapa pang'ono ndi dzanja n'kulawa. Kamchere kadali kakumvekabe, koma chapatali.

"Ali bwanji?" adafunsa aNambewe.

"Akubwerera, amayi. Koma nanyati adikire kaye."

"Adikira. Wadikira zambiri."

Arcanjo adakhala pamwala pomwepo, adatsegula kaderno pabondo n'kulemba tsiku ndi nthawi. Pamzere wa malo adalemba mawu omwe aja ankalemba mwezi ndi mwezi, Pamwala wofiira, ndipo dontho la madzi a m'dzanja lake lidagwera pa tsambalo n'kulinyowetsa. Sadalipukute. Kumsewu galimoto idalira, iye adanyamula kabokosi n'kutuluka m'bango, kumbuyo kwake kuchapa kudayambiranso.